Zaka 20 za Hackintosh: mpanda wa Apple ndi amene anaubowola

Pa 6 Juni 2005, mumzinda wa San Francisco, Steve Jobs anaima pamaso pa anthu olemba mapulogalamu amene anabwera ku msonkhano wapachaka wa kampani ya Apple n'kuwauza kuti makompyuta a Mac asiya kugwiritsa ntchito purosesa ya PowerPC, ayamba kugwiritsa ntchito ya Intel. Inali nkhani yovuta kumeza. Apple yomweyi inakhala ikunyoza Intel kwa zaka zambiri, mpaka mu 1998 inatulutsa uthenga wamalonda pa TV woonetsa nkhono ikukwawa itabereka purosesa ya Pentium II kumsana. Koma purosesa ya G5 imene IBM inkawapangira inkatentha kwambiri moti sikukanatheka kuiika mu laputopu, ndipo liwiro limene Jobs analonjeza zaka ziwiri m'mbuyomo linali lisanafikidwebe. Kenako anaulula chinsinsi: kwa zaka zisanu, Mac OS X iliyonse inkakonzedwa pawiri, ina ya PowerPC imene inkagulitsidwa, ina ya Intel imene inkabisidwa kukampani. Ngakhale kompyuta imene ankaonetsera zinthu pasiteji m'mawa umenewo inali ndi Pentium 4 m'mimba mwake.

Kunja kwa holoyo anthu ena anaimva nkhaniyi mwanjira ina. Ngati Mac OS X ikuyenda pa Pentium 4 ya Jobs, ingakanike bwanji pa Pentium 4 imene ili patebulo panga? Apple inkadziwa kuti funsoli libwera. Tsiku lomwelo Phil Schiller, mkulu woona zamalonda, anauza atolankhani kuti kampaniyo sidzalola Mac OS X kuyenda pa kompyuta iliyonse yosakhala Mac. Olemba mapulogalamu anabwerekedwa makina oyesera pa mtengo wa $999, Pentium 4 yovekedwa bokosi la Power Mac G5, atauzidwa kuti adzabweze. Pofika mwezi wa Ogasiti, pulogalamu ya m'makinawo inali itadontha kale pa intaneti, loko wake atathyoledwa, ndipo anthu ankatumizirana mavidiyo oonetsa Mac OS X ikuyenda pa makompyuta wamba. Apa n'kuti Mac yoyamba ya Intel isanafike n'komwe m'sitolo. Inadzatuluka mu Januwale 2006.

Umu ndi mmene Hackintosh inabadwira. Dzinali analumikiza mawu awiri, hack ndi Macintosh, ndipo limatanthauza kompyuta imene sinapangidwe ndi Apple, nthawi zambiri yolumikiza wekha kuchokera ku zipangizo zogula chimodzichimodzi, koma yoyenda ndi operating system ya Apple. Kwa amene mawuwa ndi achilendo, operating system ndi pulogalamu yaikulu ija imene imadzuka koyamba mukayatsa kompyuta n'kumayang'anira mapulogalamu ena onse, monga Windows, Linux kapena macOS. Ine ndimaphunzira za anthu ndi mbiri yawo, za mawaya ndimangoonera, ndipo chimene chimandikoka m'nkhaniyi ndi liwu limodzi lachingerezi limene timalimeza tsiku ndi tsiku osalitafuna: unsupported. Kompyuta ikatiuza zimenezi timamva ngati yatiuza kuti sizingatheke. Kwa zaka pafupifupi 20, anthu a Hackintosh anasonyeza kuti kawirikawiri liwuli limangotanthauza kuti mwini pulogalamu sakufuna. Ndipo chimene chinawagonjetsa pomaliza chinali chakuti Apple inapeza njira yosandutsa kusafunako kukhala kusatheka kwenikweni.

Kuti timvetse chifukwa chimene Apple imamangira mpanda, tibwerere ku 1981, chaka chimene IBM inatulutsa kompyuta yake ya PC. Inaipanga mothamanga, ndi zipangizo zogula kwa ena: purosesa kwa Intel, operating system kwa Microsoft. Chake chenicheni cha IBM chinali BIOS, kapulogalamu kakang'ono kamene kamadzutsa makina. Makampani monga Compaq ndi Phoenix analemba BIOS yawoyawo yochita zofanana popanda kukopera, ndipo kuyambira pamenepo aliyense anatha kupanga PC. Microsoft inalemera chifukwa inkagulitsa kwa onsewo. IBM inatsala ikupikisana ndi ana ake omwe, mpaka inagulitsa bizinesi ya PC kwa Lenovo ya ku China mu Meyi 2005, kutangotsala mwezi umodzi kuti Jobs alankhule ku San Francisco kuja.

Apple inasankha njira ina kuyambira kale. Kampani ya Franklin itakopera mapulogalamu a m'kati mwa Apple II, Apple inaisumira, ndipo mu 1983 khoti la apilo ku America linagamula kuti pulogalamu ya kompyuta, ngakhale yowotcheredwa m'kachipangizo ka ROM, imatetezedwa ndi lamulo la umwini wa zolemba ngati mmene limatetezera buku. Macintosh itatuluka mu 1984, mbali yaikulu ya mzimu wake inali mu ROM yoteroyo. Anthu anayesabe. Atari ST inali ndi purosesa ya Motorola 68000 yofanana ndi ya Mac, choncho mu 1986 panatuluka kachipangizo kotchedwa Magic Sac kamene kankaisandutsa Mac, bola mupeze ROM yeniyeni ya Apple n'kuilowetsamo. Ku Brazil, kumene lamulo linkaletsa kuitanitsa makompyuta ang'onoang'ono kuchokera kunja pofuna kuteteza mafakitale a m'dzikomo, kampani ya Unitron ya ku São Paulo inapanga Mac yakeyake. Boma la America litaopseza kuti likhaulitsa malonda a Brazil, boma la Brazil linakana kuivomereza kompyutayo. Nkhani imeneyi siitchulidwa kawirikawiri, komatu imaonetsa kuti mpandawu sunali wa mawaya okha. Kumbuyo kwake kunali makhoti ndi mphamvu za dziko.

Panali nthawi imodzi yokha imene Apple inatsegula geti mwakufuna kwake. Kuyambira 1995, Jobs kulibe, kampaniyo inapereka laisensi kwa makampani monga Power Computing ya ku Texas, Motorola ndi UMAX ya ku Taiwan kuti azipanga makompyuta oyenda ndi System 7, azilipira pafupifupi $50 pa kompyuta iliyonse. Maganizo anali akuti makampaniwa akope anthu a Windows. M'malomwake anakopa makasitomala a Apple omwe, chifukwa makina awo anali othamanga komanso otchipa. Munthu amene akanasiya phindu la madola mazanamazana m'thumba la Apple ankasiya $50. Jobs atabwerera mu 1997 anatseka getilo mwaukathyali wa maloya: malaisensi ankanena za System 7, ndiye pulogalamu yotsatira inatchedwa Mac OS 8. Bizinesi ya Power Computing anaigula ndi $100 miliyoni n'kuikwirira. Phunziro limene Apple inatolapo silinasinthe mpaka lero: ndalama zake zili m'makina, pulogalamu ndi nyambo.

Tsono vuto la 2006 linali lakuti makinawo anasiya kukhala achilendo. Mukatsegula iMac ya chaka chimenecho munkapezamo purosesa ya Intel Core Duo, memory ndi disiki zonga za kompyuta ya Dell kapena HP. Mu Epulo 2006 Apple inatulutsanso Boot Camp, yolola Windows kuyenda pa Mac, umene unali umboni wochokera kwa mwiniwake wakuti Mac ndi PC basi. Khomo linali lotseguka mbali imodzi: Windows ilowe kwa Apple, koma Mac OS X isatuluke.

Choitsekera chinali chiyani? Makamaka zinthu zitatu. Choyamba, Mac inkadzuka ndi EFI pamene PC za nthawi imeneyo zinkadzuka ndi BIOS, ndiye Mac OS X ikadzuka pa PC sinkapeza amene amayenera kuilonjera. Chachiwiri ndiye chinali loko weniweni. Mac iliyonse ya Intel ili ndi kachipangizo kotchedwa SMC, kamene ntchito yake yatsiku ndi tsiku ndi kuyang'anira mafani, batire ndi kutentha. Apple inabisamo kiyi wa zilembo 64. Mapulogalamu ena ofunika, monga Finder ndi Dock, anali otsekedwa, ndipo fayilo ina m'kati mwa operating system inkapempha kiyiyo kwa SMC kuti iwatsegule. Fayiloyo anaitcha Dont Steal Mac OS X, kutanthauza kuti musabe, ndipo anaikamo ndi kandakatulo komwe kodandaulira wakubayo. Chachitatu sichinali loko koma kusalabadira: Apple inkangolemba ma driver, timapulogalamu tolankhulitsa operating system ndi chipangizo, a zipangizo zokhazo zimene inkaika mu Mac. Khadi ya Wi-Fi kapena ya mawu imene Apple sinaigwiritsepo ntchito inkangokhala duu.

M'badwo woyamba wa Hackintosh unalimbana ndi zimenezi mwankhanza. Ankang'amba Mac OS X, kusintha mtima wake, kuchotsa zotsekazo, n'kuisokanso kukhala DVD imodzi yofalitsidwa pa intaneti ndi mayina monga Kalyway, iATKOS ndi iDeneb. Kumeneku kunali kukopera kosabisa, ndipo zinkasweka nthawi iliyonse Apple ikatulutsa update. M'badwo wachiwiri ndi umene ndimauchitira ulemu, chifukwa unasintha funso. Unasiya kusintha pulogalamu ya Apple n'kuyamba kuinamiza. Mu 2007 munthu wodziwika ndi dzina lobisika lakuti Netkas anafalitsa njira yopangitsa PC kuyankha ngati ili ndi EFI, ndipo mu 2009 anatulutsa FakeSMC, kapulogalamu kodzionetsa ngati SMC n'kupereka kiyi akafunsidwa. Panabwera Chameleon, pulogalamu yodzutsira makina imene, choseketsa, inamangidwa pa boot-132, ntchito ya Apple yomwe imene kampaniyo inaitulutsa poyera pamodzi ndi Darwin, maziko a Mac OS X. Kenako kunabwera Clover, ndipo mu 2019 OpenCore ya gulu la Acidanthera. Zonsezi zimachita chinthu chimodzi: macOS isanadzuke, zimaiyalira mphasa n'kuiuza kuti uli pakwanu, kompyuta ino ndi iMac, nambala yake nayi. Imakhulupirira.

Zitafika pamenepa munthu ankatha kugula DVD yeniyeni m'sitolo ya Apple, Leopard ya 2007 pa $129 kapena Snow Leopard ya 2009 pa $29 yokha, n'kuiika pa kompyuta yolumikiza yekha osasintha kanthu pa DVD-yo. Cha m'ma 2010 tsamba la tonymacx86 linayamba kufalitsa mindandanda ya zipangizo zoti mugule, motherboard iyi ya Gigabyte, purosesa iyi, khadi iyi, ndipo ntchito imene inali ya akatswiri inasanduka ya aliyense wodekha wodziwa kuwerenga malangizo. Mgwirizano wa laisensi ya Leopard unkati pulogalamuyo iikidwe pa kompyuta yokhala ndi chizindikiro cha Apple. Popeza Apple inkaika zomata za apozi wolumidwa uja m'mabokosi a katundu wake, nthabwala inali yakuti ingomatani chimodzi pa bokosi la PC yanu, lamulo mwalisunga.

Chitsanzo chimene chimaonetsa bwino tanthauzo la unsupported ndi cha timalaputopu tating'ono totchipa totchedwa netbook, timene tinatchuka mu 2008 ndi 2009. Mu Okutobala 2008 Jobs ananena kuti Apple sidziwa kupanga kompyuta ya $500 imene singakhale chinyalala. Nthawi yomweyo anthu ankaika Leopard pa Dell Mini 9 ndi MSI Wind, timakina ta mtengo wosafika pamenepo, ndipo pafupifupi zonse zinkayenda. Mu Novembala 2009 update ya 10.6.2 inatuluka ikukana kudzuka pa purosesa ya Intel Atom imene inali m'timakinato. Dzulo lake Atom yomweyo inkayenda bwinobwino. Palibe Mac imene inagwiritsapo ntchito Atom, choncho Apple ikanatha kunena kuti sinaphwanye chilichonse chimene inalonjeza. Pasanathe masabata angapo anthu anali atazemba kale chotchingacho.

Mpaka pano Apple inkangotseka mabowo ndi kutumiza makalata a maloya kwa eni masamba a pa intaneti. Inakwiya zenizeni pamene wina anaika mtengo. Mu Epulo 2008, kakampani ka ku Florida kotchedwa Psystar, koyendetsedwa ndi abale awiri, kanayamba kugulitsa kompyuta ya $399 imene mukawonjezera ndalama inkabwera ndi Leopard yoikiratu. Poyamba anaitcha OpenMac, n'kusintha msangamsanga kukhala Open Computer. Apple inakasuma mu Julayi chaka chomwecho kukhoti la feduro ku California. Psystar inabweza moto ponena kuti Apple ikupondereza mpikisano pomangirira pulogalamu ku makina ake, koma woweruza William Alsup anataya dandaulolo. Inanenanso mfundo imene aliyense wa ife angaimve: DVD iliyonse tinaigula ndi ndalama zathu, ndipo chinthu ukagula ndi chako, ungathe kuchigulitsanso.

Mu Novembala 2009 Alsup anagamula mokomera Apple. Anapeza kuti Psystar inkakopera ndi kusintha Mac OS X popanda chilolezo, komanso kuti inaphwanya lamulo la DMCA la 1998, limene limaletsa kuzemba loko woteteza zolemba. Psystar inavomera kulipira pafupifupi $2.7 miliyoni, ndipo mu Disembala inaletsedwa mpaka kalekale kugulitsa makina otere. Mu Seputembala 2011 khoti la apilo linagwirizana ndi chigamulocho, ndipo mu Meyi 2012 khoti lalikulu la America linakana kumva mlanduwo. Chiwerengero chimene chinatuluka m'mapepala a mlanduwu n'chodabwitsa: Psystar inali itagulitsa makompyuta 768 okha, pamene Apple inkagulitsa Mac pafupifupi 10 miliyoni pachaka. Ndalama zimene Psystar inalanda zinali zosaoneka n'komwe. Chimene Apple inkaopa chinali chakuti Psystar ikapambana, mawa lake Dell ndi HP zichita zomwezo, 1995 ibwereranso.

Mawu a khoti la apilo ndi amene ayenera kutikhudza ngakhale ife amene sitinagwirepo Mac. Linati pulogalamu ya Apple sigulitsidwa, imaperekedwa pa laisensi. Munapita kusitolo, munapereka ndalama, munatuluka ndi bokosi m'manja, koma pamaso pa lamulo simunagule, munachita lendi. Ndipo alandilodi ali ndi ufulu wonena kuti m'nyumba yawo musalowetsemo zakutizakuti. Tikamadina batani lovomereza tisanawerenge, ndi mgwirizano wa lendi woterewu umene timasaina, pa foni, pa laputopu, ngakhale pa mabuku a pa intaneti amene timati tagula.

Ndisanamveke ngati ndikuimbira m'manja mbali imodzi, Apple inali ndi mfundo yake. Snow Leopard inkagulitsidwa $29 chifukwa kampaniyo inkawerengera kuti wogulayo analipira kale pogula Mac. Kuyambira pa Mavericks mu 2013 pulogalamuyo inakhala yaulere pa chifukwa chomwecho. Wa Hackintosh ankadya ndiwo za pamaliro pamene sanasonkhe. Palinso zoona m'mawu akuti Mac imayenda bwino chifukwa amene analemba pulogalamu amadziwa chipangizo chilichonse chimene chili m'katimo. Hackintosh inkatha kukana kugona, kapena kugona osadzukanso, iMessage kukana kulowa, mawu kuzimiririka pambuyo pa update. Ndalama zimene munthu ankapulumutsa ankazilipira ndi tulo. Pamene ndimasiyana ndi Apple ndi apa: kukana kuthandiza munthu amene waika pulogalamu yako pa makina achilendo n'kwanzeru, palibe angakukakamize. Koma kuika loko, kenako n'kuitana lamulo kuti lilange wotsegula lokoyo pa chinthu chimene analipira, ndi nkhani ina. Liwu limodzi lija limaphimba zonse ziwiri.

Chochititsa chidwi n'chakuti Apple sinalimbane ndi anthu wamba ochita zimenezi kunyumba kwawo. Ikanafuna ikanawavutitsa kwambiri, mwachitsanzo poumiriza kuti macOS iliyonse izitsimikizira nambala ya makina pa intaneti isanayambe kugwira ntchito. Sinatero. Ndikuganiza kuti inawerengera bwino: anthuwa anali ochepa, ndipo anali okonda Apple kuposa makasitomala ambiri. Munthu amene wagona mochedwa masiku atatu kuti aone apozi pa sikirini ndi amene mawa adzagule iPhone, ndipo akadzapeza ntchito adzagula MacBook.

Nanga anali ndani? Ena anali ongokonda kutokosa zinthu. Koma pakati pa 2013 ndi 2019 panabwera gulu lina, la akatswiri ojambula mafilimu ndi oimba amene ntchito yawo inadalira Final Cut Pro ndi Logic, mapulogalamu amene panthawiyo ankapezeka pa Mac pokha. Mu 2013 Apple inatulutsa Mac Pro yobulungira, imene anthu anaitcha bini ya zinyalala, yokongola koma yosatheka kuisintha khadi ya zithunzi. Inakhala zaka osaikonzanso. Mu Epulo 2017 akuluakulu a kampaniyo anaitana atolankhani ochepa n'kuvomera kuti kapangidwe kake kanawapanikiza pa nkhani ya kutentha. Yolowa m'malo mwake inafika kumapeto kwa 2019, mtengo woyambira $5,999, matayala ake okha $400. M'zaka zonsezo, munthu wofuna Mac yamphamvu yoti aziitsegula ndi kuisintha ankachita kuipanga yekha. Ambiri mwa amenewa ndalama anali nazo, Apple ndiyo inalibe choti iwagulitse.

Gulu lachitatu ndi limene likutiyandikira. App Store itatsegulidwa mu Julayi 2008, kulemba mapulogalamu a iPhone kunasanduka ntchito yodyetsa anthu padziko lonse. Koma Xcode, chida cholembera mapulogalamuwo, imayenda pa macOS pokha, ndipo kuti pulogalamu yanu ilowe m'sitoloyo mumalipiranso $99 chaka chilichonse. Kwa wophunzira wa ku California, Mac ndi ndalama za ganyu wa patchuthi. Kwa wophunzira wa ku Zomba, Lusaka, Lagos kapena Dhaka, ndi chinthu choitanitsa kunja, cholipira ndi ndalama zakunja zimene n'zosowa, kuwonjezapo msonkho wa pachipata, ndipo Apple ilibe sitolo yakeyake ngakhale imodzi mu Africa monse. Kwa munthu wotere Hackintosh inali geti lakumbuyo lolowera ntchito imene geti lake lakumaso linali ndi mlonda wofunsa madola. N'zosadabwitsa kuti mbali yaikulu ya zida zimenezi inalembedwa kutali ndi California. Clover, mwachitsanzo, inachokera kwa olemba mapulogalamu olankhula Chirasha.

Koma paja akuluakulu anati khasu lobwereka silichedwa kuthyoka. Ufulu wonsewu unatsamira pa chinthu chimodzi: Apple inkagula zipangizo kumsika womwewo umene aliyense ankagulako. Zizindikiro zinayamba kuoneka msanga. Apple ndi Nvidia zitasemphana, macOS Mojave ya 2018 inatuluka popanda ma driver a makadi atsopano a Nvidia, ndipo anthu amene anagula makadi odula anatsala nawo m'manja. Kumapeto kwa 2017 iMac Pro inabwera ndi kachipangizo ka Apple kotchedwa T2, koyang'anira disiki ndi kadzukidwe ka makina. Kenako pa 22 Juni 2020 Tim Cook analengeza kuti Mac ikusiya Intel, iyamba kugwiritsa ntchito purosesa yopangidwa ndi Apple yomwe, ya mtundu wa ARM ngati ya mu iPhone. M1 inatuluka mu Novembala chaka chomwecho.

Apa panalibenso chonamiza. FakeSMC inkatheka chifukwa pansi pa bodzalo panali purosesa yeniyeni yolankhula chinenero chimene macOS inkamva. M1 simungaigule payokha m'sitolo iliyonse, ndipo purosesa, mbali ya zithunzi ndi memory zinamangidwa pamodzi. Chinanso chowawa kwa a Hackintosh n'chakuti makinawo anali abwino: MacBook Air ya $999 yopanda fani inkathamanga mofanana ndi makompyuta ambiri akuluakulu amene anthu ankalumikiza ndi ndalama zoposa pamenepo. Loko wa 2006 anathyoledwa m'masabata, mlandu wa 2009 unangotseka kampani imodzi, koma M1 inachotsa zonse ziwiri, njira ndi chifukwa.

Kuyambira pamenepo kwakhala kuzima pang'onopang'ono. Mac Pro yomaliza ya Intel inasiya kugulitsidwa mu Juni 2023. Zipangizo zatsopano zimene Apple sinaziikepo mu Mac, monga makadi a AMD a RX 7000, zilibe ma driver ndipo sizidzakhala nawo. Sonoma ya 2023 inachotsa ma driver a makadi akale a Wi-Fi a Broadcom amene a Hackintosh ambiri ankadalira. Mu Juni 2025, patatha zaka 20 chilankhulire Jobs, Apple inalengeza kuti macOS 26 Tahoe ndi yomaliza kuyenda pa Intel. Pa mndandanda wake patsala mitundu inayi yokha ya Mac za Intel, ndipo umodzi mwa iyo ndi Mac Pro ya $5,999 ija.

Mbali imene ndimaikonda kwambiri m'mbiri yonseyi ndi kumene zidazo zinakathera. Pafupifupi chaka chilichonse Apple imachotsa Mac zina zakale pa mndandanda wa zolandira macOS yatsopano. Makina ali bwinobwino, koma amauzidwa kuti ndi unsupported, ndipo pakapita zaka zingapo amasiya kulandira zotseka mabowo a chitetezo, mapulogalamu atsopano n'kuyamba kuwakana. Anthu ena a Hackintosh anaona kuti Mac yakale yokanidwa ndi mwini wake siisiyana ndi PC yachilendo, ndiye anatenga OpenCore n'kupanga OpenCore Legacy Patcher. Ndi chida chimenechi MacBook ya 2012, ngakhale yakale kuposa pamenepo, imayendetsa macOS imene Apple inati siingathe. Chida chimene chinapangidwira kunamiza macOS kuti PC ndi Mac chinayamba kuinamiza kuti Mac ndi Mac. Apa palibe angati munthu wadya posasonkha: makinawo anagulidwa kwa Apple, pa mtengo wa Apple.

Ndipo amene tili pa Windows tisaone ngati moto uli kwa aneba. Windows 11 itatuluka mu Okutobala 2021, Microsoft, imene inalemera chifukwa cholola pulogalamu yake kuyenda pa chilichonse, inaika malire akeake: kompyuta ikhale ndi kachipangizo ka chitetezo ka TPM 2.0, ndipo purosesa ya Intel ikhale ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo, kupatulapo zochepa chabe. Yang'anani malaputopu a kaunjika amene adzaza m'malaibulale ndi m'mahositelo athu. ThinkPad T460, T470, HP EliteBook 840 G3, onsewa ndi a m'badwo wa 6 kapena wa 7. Amalemba ma assignment, amaonetsa mafilimu, batire ikatha timasintha. Windows 11 imayenda pa makina amenewa, ndipo umboni wake ndi wakuti kapulogalamu kaulere kotchedwa Rufus, kamene anyamata oika Windows amagwiritsa ntchito pokonza fulashi, kali ndi kabokosi kongochonga kuti malirewo achotsedwe. Microsoft imachenjeza kuti kompyuta yoikidwa mwanjira imeneyi ilibe lonjezo lolandira ma update. Windows 10 inasiya kuthandizidwa pa 14 Okutobala 2025, ndipo kwa anthu wamba amene analembetsa kuti awonjezeredwe nthawi, anapatsidwa chaka chimodzi, mpaka Okutobala 2026.